Mapiritsi a Kapitawo

Lachiwiri, 4 Marichi

Mayi wa mafizo, wotichititsa zolimbitsa thupi, wandipatsa cholembera ndi kope. Akuti ndizilemba tsiku lililonse kuti dzanja lamanjali lidzuke. Dzanja limene linkapinda chitsulo ngati chingwe, lero cholembera chikuligonjetsa.

Ndili m'chipatala. Ineyo.

BP 198 pa 112. Diripi imodzi.

Lachitatu, 5 Marichi

Ndinagwa Lolemba ku shedi kwanga ndikuwotcherera geti. Kugwa kwenikweni ayi, ndinangokhala pansi mofulumira. Dokotala akuti ndi sitiroko yaing'ono. Ndamuuza ayezenso bwino, ine zanga sizikhala zazing'ono.

Andijambula m'mutu. Pakamwa papotokera kumanja pang'ono, koma mawu akutuluka onse. Wodi yonse ingachitire umboni.

Akazi anga akanakhalapo akanaseka mpaka kugwira khoma. Anatisiya chaka chatha, mu Ogasiti, ndi chotupa cha m'mimba. Ndinkawatcha a Kapitawo, chifukwa kunyumba kwathu ngakhale mphaka ankayamba wapempha chilolezo asanalire.

BP 190 pa 108.

Lachinayi, 6 Marichi

Achotsa diripi. M'malo mwake namwino wabwera ndi kapiritsi koyera m'kambale. Namwinoyu ndamutcha Sajeni. Akamayenda, mabedi amadziwongola okha.

Ndamuuza mwaulemu kuti walakwitsa bedi. Chibadwire sindinamezepo piritsi. Anthu sananditche Chitsulo chifukwa cha ntchito yokha. Malungo akafika pakhomo panga amasuzumira, n'kupepesa, n'kupita kwa aneba. Udzudzu umene unandiluma chaka china unachoka ukulira, mlomo utapindika.

"Nanga diripi ija munkati ndi madzi akumwa?" anatero Sajeni.

"Diripi sindinameze, mwana wanga. Inalowa mwakuba ndili chigonere."

Wodwala BP kunyumba kwathu anali a Kapitawo. Mwezi uliwonse ndinkawaperekeza ku kakiliniki ka kuseri kwa msika, ine n'kukhala panja pansi pa mtengo chifukwa fungo la mankhwala limandinyansa. Anali ndi makina awo oyezera. M'mawa uliwonse ankayamba amanga mkono wanga, amvekere makinawa amafunika kuyesedwa kaye pa munthu wamphamvu kuti tione ngati akugwira bwino. Ndiye ine zimenezi ndimazidziwa kuposa Sajeni.

Bedi la kumanzere kuli Aphunzitsi, anapuma ntchito kalekale, awachita opaleshoni ya mwendo. Asuzumira m'kope mwangamu n'kunena kuti ndikulemba ngati nkhuku yaponda inki. Ndawauza kuti mageti anga aima m'tauni monse popanda sipeling'i.

Sajeni pochoka anati, "Bambo, sitiroko yoyamba ija inagogoda. Yachiwiri sigogoda, ndipo imakonda kutenga pakamwa."

Piritsi labwerera ndi kambale kake. BP 188 pa 106.

Lachisanu, 7 Marichi

Mafizo: kufinya kampira, kutola mabatani patebulo, kuyenda mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera. Ndinafuna kupitirira mpaka kumsewu koma anandigwira malaya.

Masana kunabwera mwana wanga wamwamuna, Mzime, ndi mkazi wake. Ndimakhala nawo nyumba imodzi chimwalirire mayi awo. Anabweretsa mpunga, nthochi ndi tiyi m'fulasiki. Tiyi wa mpongozi wangayu si woipa, koma ndi madzi ofunda ovala yunifolomu ya tiyi. Ndinauza Aphunzitsi kuti tiyi weniweni anapita ndi a Kapitawo. Wawo anali ndi kakuwawa kenakake pansi pa kapu, kamene kankakhala pa lilime mpaka kufika ku shedi. Ndayesa masamba a mitundu yonse, palibe. Chinali chikondi chimenecho, chikondi chimawawira kumapeto.

Mpongozi anagwetsa chivindikiro cha fulasiki. Mzime anayamba kuwerenga malata a denga, chonsecho denga lake ndi la simenti.

Dokotala anabwera ndi zotsatira. Ndi kamnyamata, ndevu zake zikadali m'njira. Akuti mtima wanga ukuonetsa BP yakalekale, koma impso ndi maso zili ngati za munthu amene wakhala akumwa mankhwala mokhulupirika. Anandifunsa kuti ndinkamwa ati ndipo ndinasiya liti. Ndinaseka mpaka Aphunzitsi anadandaula kuti bedi lawo likugwedera.

Piritsi labwereranso. BP 186 pa 104.

Loweruka, 8 Marichi

Ndilemba mmene zinachitikira, osawonjezera. Lero lokha.

Mwana wanga woyamba, Wachisamba, anafika m'mawa kuchokera kutali kumene amagwira ntchito. Anapeza dokotala ali pabedi panga akufunsanso funso ladzulo lija. Ndisanatsegule pakamwa, mwanayo anatchula dzina la mankhwala. Dzina lalitali, lachizungu, analitchula osapunthwa ngati dzina la mwana wake. Anati limodzi m'mawa uliwonse, ndipo akuti ndinasiya cha mu Novembala.

Ndinati, "Iwe, adokotala akufunsa za ine, osati za mayi ako."

Anakhala pampando. Anagwira chala changa chachikulu ngati mmene ankachitira ali kamwana.

"Bambo, Amayi analibe BP."

"Usandiuze za mkazi wanga. Ndinkawaperekeza ndekha."

"Munkawaperekeza kukatenga mankhwala anu."

Dokotala anati abweranso, n'kuthawa. Aphunzitsi anadziphimba nyuzipepala kumaso, makutu ali panja.

Nkhani yake ndi iyi. Zaka zoposa khumi zapitazo ndinapeza ntchito yowotcherera mashelefu pa fakitale ina. Tsiku lina kunabwera achipatala kudzayeza antchito onse. Anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, n'kundipatsa kapaketi ka mapiritsi. Ndinakaponya mu mgolo wa zidutswa za zitsulo ku shedi, madzulo n'kukafotokoza kunyumba ngati nthabwala. Aliyense anaseka. A Kapitawo anasekanso. M'mawa mwake, ine nditapita kukagula waya, anapita ku shedi, n'kupisa dzanja mu mgolo muja mpaka anakapeza. Chipsera chimene chinali pamkono pawo, chimene ankati anadzicheka ndi chitini, chinali cha tsiku limenelo.

Kuchokera pamenepo, m'mawa uliwonse ankapera piritsi pakati pa masupuni awiri n'kuthira mu tiyi wanga. Manambala a pamkono panga aja ankawasunga m'mutu n'kukauza mkulu wa pakiliniki, ine ndili panja pansi pa mtengo ndikuuza anthu kuti ndabweretsa wodwala.

Ndinafunsa kuti ankadziwa ndani.

"Ine, Mzime, alamu, azakhali, ndi adokotala a kukiliniki aja."

"Basi?"

"Ndi amayi ogulitsa masamba a tiyi. Ndi abusa."

Ndinamuuza atuluke.

BP sindinafunse.

Lamulungu, 9 Marichi

Ndayang'ana kukhoma tsiku lonse. Khomalo lili ndi mng'alu, amene anamanga sankadziwa ntchito.

Abwera a kutchalitchi kudzaimba. Ndinadziphimba bulangete. Sindikudziwa kuti mwa iwo ndani sankadziwa.

Piritsi ndakana. Mafizo ndakana. 192 pa 110.

Lolemba, 10 Marichi

A Kapitawo, lero ndikulankhula ndi inu, ndipo musandidule mawu.

Pamaliro anu ndinaimirira pamaso pa anthu odzaza msewu wonse. Ndinati ndasamalira mkazi wanga wodwaladwala zaka zonsezi osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Ndinati Mulungu anandipatsa ine thupi lachitsulo kuti ndinyamule thupi lawo lofooka. Anthu anagwedeza mitu. Mkulu wa pakiliniki uja anakhala kutsogolo, nayenso akugwedeza mutu. Abusa anati ameni. Ana anu anali pomwepo, maso pansi, ine n'kumati ndi chisoni. Anthu onse aja ankaonerera chitsiru chikudzitama pamaliro a munthu amene ankachisunga ndi moyo.

Alendo akabwera ndinkakunenani kuti galimoto yanga yakaleyi mwezi uliwonse imafuna kugalaja. Inu munkaseka n'kumati, "Eetu bambo, tikanatani popanda inu." Munkaseka chiyani? Munkaseka nthabwala yanga kapena munkaseka ine?

Masupuni aja ndinkawamva. Kete, kete, kukhitchini m'mawa uliwonse. Munati mukuphwanya shuga woundana. Zaka zonsezo shuga wa m'nyumba mwathu yekha ndiye ankaundana, ine osafunsa.

Ndi kapu ija. Munalamula kuti kapu yanga yabuluu asaikhudze mwana aliyense, ndi kapu ya mwini nyumba. Ndinkauza anzanga ku shedi kuti kwathu ulemu ulipo, osati kwanuko kumene ana amamwera m'kapu ya bambo awo. Tsiku lija ndinamwetsako mdzukulu wathu wamkulu, munauluka kuchokera kukhomo n'kuimenya kapuyo mpaka inakagwera pansi pa kabati. Mwana analira, ine ndinakwiya sabata yathunthu, ndinati mwasanduka nkhanza kwa adzukulu anu omwe. Munangoti pepani. Inu amene munkabisira adzukulu mabisiketi m'thumba la makina osokera, amene munkawasokera mayunifolomu usana wonse maso akupweteka, munalola ndikutcheni wankhanza kusiyana n'kundiuza zoona.

Koma chimene chikundiwotcha kwambiri ndi ichi. Chaka chatha mutayamba kutopa, mutayamba kusiya chakudya m'mbale, ine ndinkati ndi BP yanu ija. Ndinkafunsa kuti mwamwa mapiritsi anu? Inu n'kumati ndamwa. Munandiphunzitsa nokha kuti ndinu munthu wodwaladwala, ndiye mutadwala zenizeni ndinaona ngati ndi zamasiku onse. Ndikanadziwa kuti mkazi amene sanadwalepo chikwatirane ndiye akugona masana, ndikanakunyamulani pamsana tsiku lomwelo mpaka kuno. Mwina sizikanasintha kanthu, adokotala anatero. Koma munandilanda mpata woti ndichite mantha nthawi ikadalipo. Umenewo unali wanga.

Dzanja latopa. 190 pa 108. Piritsi ndakana. Sajeni anangonyamula kambale kake n'kumapita.

Lachiwiri, 11 Marichi

Mpongozi wabwera yekha. Anagwada pambali pa bedi, pasimenti, anthu akuona. Ndinamuuza adzuke, muno si m'tchalitchi.

Akuti a Kapitawo ali pafupi kutisiya anaitana ana kuchipinda, ine atandituma kukagula malalanje amene sanawadye n'komwe. Anawapatsa masupuni awiri aja. Anati bambo anu musawauze, akadziwa asiya kumwa tiyi, mwinanso asiya kumwa madzi. Wachisamba anapitiriza mpaka tchuthi chake chinatha, n'kusiyira mpongoziyu.

"Ndinachita masabata angapo, bambo. Koma tsiku lina aneba analowa kukhitchini n'kundipeza ndikuthira ufa woyera m'kapu mwanu. Mmene anandiyang'anira! Apongozi akazi angomwalira kumene, nyumba ndi yanu, ine ndine wobwera. Mukanangodwala pang'ono, anthu akanati chiyani? Ndinawauza amuna anga kuti azithira okha. Iwo anati akuuzani zoona. Tsiku lililonse ankati mawa."

"Ndiye mwana wanga anaona kuti kuli bwino ndigwe kusiyana n'kuti andiuze?"

"Amakuopani, bambo."

"Amaopa chiyani? Ndinamumenyapo?"

"Amaopa kuti mumuseka. Mumaseka aliyense amene amamwa mankhwala."

Ndinafuna kumuyankha kuti andipatsire madzi. Mawu akuti madzi anakana kutuluka. Ndikuwaona m'mutu, lilime lili ngati chidutswa cha tayala. Ndinangoti ma, ma, ma. Mpongozi anakuwa, Sajeni anathamanga, anandizungulira ndi makatani. Patapita kanthawi lilime linabwerera.

Chinthu choyamba chimene ndinanena n'chakuti ndimayeserera. Palibe anaseka.

204 pa 116. Abwezeretsa diripi.

Lachitatu, 12 Marichi

Andijambulanso m'mutu. Dokotala wasiya kumwetulira. Akuti zadzulo zija ndi chenjezo, ndipo diripi sangandimangirire moyo wonse ngati mbuzi pachingwe. Mawa aichotsa. Ndikapanda kumwa mankhwala, yotsatira ikhoza kutenga mawu onse osabweza. Akuti sangandikakamize, thupi ndi langa. Ndinati zikomo, ndinu woyamba kukumbukira zimenezo.

Aphunzitsi anati, "A Chitsulo, ine akazi anga anandisiya ndili ndi zaka makumi anayi, anapita ndi mipando yomwe. Inu mukulira kuti anakunamizani kuti mukhale ndi moyo. Tisinthane."

Ndinawauza kuti iwo anaberedwa mipando, ine anandibera ine mwini. Munthu amene ndakhala ndikuuza dziko lonse kuti ndine, kulibe. Anamupanga ndi masupuni kukhitchini.

Phala la m'mawa sindinadye. Ndinaona Wachisamba akunong'onezana ndi Sajeni pakhomo. Mpunga wamasana ndinaupatsa Aphunzitsi kuti alawe kaye, iwo anamaliza wonse. Nthochi yokha ndiye ndadya, chifukwa ndinasenda ndekha.

Madzulo Wachisamba ndi Mzime anabwera limodzi. Mzime anaima kumapazi kwa bedi ngati wabwera kudzalandira chilango kwa ahedi. Anati pepani bambo, mawu osamveka. Mwamuna wa ana atatu. Ndinamuuza kuti geti lija ndinalisiya theka, akalimalize, ndipo asawotcherere ngati akumata chingamu.

Wachisamba anatulutsa masupuni awiri m'chikwama. Ndinawazindikira, imodzi ili ndi chogwirira chopindika chimene ndinawongola ndekha kawiri.

"Bambo, tiyeni tichite chonchi. Ine ndizithira mu tiyi ngati mmene Amayi ankachitira. Inu muzingochita ngati simukudziwa. Palibe amene adzanene kuti Chitsulo anameza piritsi."

Anali akulira. Ndinayang'ana masupuniwo. Kunena zoona ndinafuna kuvomera, chifukwa ndikanamvanso kakuwawa kaja.

Ndinati, "Bweza m'chikwama. Munthu mmodzi yekha ndiye anali ndi luso londipusitsa, ndipo ngakhale iyeyo mlandu wake sunathe. Iwe ukufuna ndizidzipusitsa ndekha, ndikuona? Ndine wopusa, koma osati kufika pamenepo."

"Ndiye mukufuna mufe?"

"Ndikufuna mutuluke, nthawi yoona odwala yatha."

Inali isanathe.

194 pa 108, diripi ili pamkono.

Lachinayi, 13 Marichi

M'mawa Mzime anaimba foni n'kupatsa kamdzukulu kathu kotsiriza, kamene kanali kakuyamwa pamene agogo ake ankatisiya. Tsopano kayamba kulankhula. Azikulu ake akaphunzitsa kuti kazinena kuti agogo, chitani agogo aakazi. Kunyumba ndine ndekha ndimatha kutengera mawu a Kapitawo, mmene ankaitanira ana kuti adzasambe, mawu okwera kumapeto ngati wezulo. Ndinayesa. Zinatuluka zopotoka, theka lokha. Kamwanako kanaseka basi, sikadziwa kusiyana kwake. Ine ndinadziwa.

Nditabweza foni ndinaganiza. Ndikatseka pakamwa, nkhani ya mayi ameneyu idzatsala ndi ana ake. Ndipo ndikuwadziwa mmene adzaifotokozere. Adzati anali mngelo, anali wofatsa, ankakonda bambo. Adzamusandutsa chithunzi cha pakhoma. Palibe adzanene kuti anali kazitape woopsa, wabodza wa digiri, amene anapusitsa mwamuna wochenjera kuposa onse m'tauni muno m'mawa uliwonse, akumuyang'ana m'maso n'kumufunsa ngati shuga wakwana. Mlandu umenewu wodandaula ndine. Sindingausiye m'manja mwa mboni zimene zinali mbali ya wakuba.

Sajeni atachotsa diripi anabwera ndi kambale kake, osayembekezera kanthu. Ndinati bweretsa kuno.

Vuto n'lakuti sindidziwa kumeza piritsi. Ndinaliika pakamwa, ndinamwa madzi, madzi anapita, piritsi linatsala. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu linakakamira kumtunda kwa mano n'kuyamba kusungunuka. Ndinatsokomola, madzi anatulukira m'mphuno mpaka pa nyuzipepala ya Aphunzitsi. Wodi yonse inadzuka kuonerera, ngakhale bambo wa pakona amene sanatembenuke chibwerere.

"Liikeni kumbuyo kwa lilime, agogo. Imwani kwambiri. Musaweramutse mutu ngati nkhuku. Ana a zaka zisanu amatha zimenezi."

"Ana a zaka zisanu anaphunzitsidwa. Ine anandibisira sukulu yake."

Anabweretsa lina. Linapita. Ndinalimva likutsika njira yonse ngati nati ya bawuti. Anthu anawomba m'manja, ine ndinawauza kuti piritsi limenelo linali lalikulu ngati dzira, ena akanafa nalo.

Masana ndayamba kale ntchito. Ndafotokozera wodi yonse, ndi oyeretsa, ndi alendo a bambo wa pakona, za mkazi amene anandithirira mankhwala zaka makumi atatu, akuphwanya ndi hamala, abusa akulondera pakhomo. Aphunzitsi akuti Loweruka anamva zaka khumi ndi masupuni. Ndawauza asamale za mwendo wawo.

Wachisamba anamva kwa Sajeni. Anabwera n'kufuna kundikumbatira, ndinamuuza kuti iyeyo ndi mng'ono wake mlandu wawo udzakambidwa kunyumba, aliyense payekha.

A Kapitawo, musaganize kuti mwawina. Sindinakukhululukireni. Ndameza kuti ndikhale ndi pakamwa pokunenerani, ndipo ndikunenani mpaka adzukulu a adzukulu anu adziwe chimene munali.

172 pa 98. Lina mawa m'mawa, ndi madzi.